Basi ya ku Joni imene ndinakwera mu Meyi: yodula, koma ndidzakweranso

Ndinayamba kupita ku Joni kukaoda katundu mu 2014. Ndili ndi kashopu ku Limbe komwe ndimagulitsa mabulangete, makatani ndi nsalu zoyala pabedi, ndipo sukulu zikayandikira kutsegulira ndimawonjezerako nsapato zakuda za ana. Pa zaka zonsezi ndakwera mabasi a makampani 6, ndipo nthawi zambiri ndinkangofunsa funso limodzi: yotchipa ndi iti? Mu Meyi chaka chino ndinasintha. Ndinakwera basi imene anzanga a geni amaithawa ati ndi ya mabwana, ndipo ambiri akhala akundifunsa ngati ndalama yowonjezerayo inapita pabwino. Dzina la kampani sinditchula, chifukwa zodandaula zanga ndinakazinena kale pamaso pa eni ake, komanso zimene ndikufuna muone mungathe kuziyesa pa basi iliyonse musanatulutse ndalama.

Chimene chinandisinthitsa ndi ulendo wa chaka chatha. Pobwerera anatiuza kuti ngolo yadzaza, katundu wathu abwera pa basi ya mawa. Mawa lija linasanduka milungu itatu. Mabulangete anga anafika kuzizira kutapita kale pakati, makasitomala anga atagula kwa ena. Ndipo pa ulendo womwewo, usiku tili pakati pa Masvingo ndi Beitbridge, ndinaona ndi maso anga mutu wa dalaivala ukugwa n'kudzuka, ukugwa n'kudzuka. Anali yekha kuchokera ku Blantyre. Ine ndi mayi wina wa ku Mzimba tinakhala pa masitepe a kutsogolo n'kumamuchezetsa mpaka kunacha. Nditafika kunyumba ndinawayang'ana ana anga akudya nsima, ndinadziuza kuti pa basi yotero sindidzakweranso.

Ku ofesi ya basi yatsopanoyi ndinapita kutatsala masiku anayi. Mtsikana wogulitsa matikiti asanalandire ndalama anapempha pasipoti, n'kuyamba kuitsegula tsamba ndi tsamba. "Amayi, masamba opanda chidindo akutsalirani atatu okha. Ulendo uno mupita, koma mukabwera muyambe kuganiza zokonzetsa ina." Palibe anandiuzapo zimenezi pa basi ina iliyonse. Ndipo ankanena zoona, chifukwa pa ulendo umodzi wopita umadinditsa malo 6: Mwanza, Zobue, Cuchamano, Nyamapanda, ndi mbali ziwiri za Beitbridge. Kupita ndi kubwera ndi zidindo 12. Anandipatsa tikiti yolembedwa nambala ya mpando, lisiti yapadera, ndipo dzulo lake la ulendo uthenga unabwera pa WhatsApp wokumbutsa nthawi.

Tinakwerera ku Wenela. Ndikaima pamalo amenewa ndimakumbukira agogo anga aamuna, amene anadzera dzina lomweli popita ku migodi. Wenela linali bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya golide ku South Africa, ndipo amuna ambiri a m'dziko muno anapita kudzera m'manja mwake, ena osabwererako, aja timati matchona. Mu 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu anaimitsa kulemba anthu. Pambuyo pake kunabwera Theba, nayonso inatha cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Koma njira sinafe. M'basi yathu munali amayi a geni ngati ine, munalinso anyamata a ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay obwerera ku ntchito za m'minda ya maluwa, m'mashopu ndi m'nyumba za anthu. Agogo ankapita kukagulitsa mphamvu zawo, ndipo theka la basi likupitabe kukagulitsa zomwezo.

Anati tinyamuka 7 koloko m'mawa, tinanyamuka 7:20. Pa ulendo wa ku Joni kumeneko ndi kusunga nthawi. Bambo wina anapemphera, tinawoloka Shire pa Zalewa, n'kukhotera ku Mwanza. Nachesi zinali zitayamba, ndipo ndinagula thumba pawindo. Mukagula, idyani zithe musanafike ku Beitbridge, chifukwa zipatso salola kulowa nazo ku South Africa popanda chilolezo.

Pa boda ya Mwanza m'pamene ndinayamba kuona kusiyana. Kondakitala anaimirira kutsogolo n'kunena kuti, "Makolo anga, aliyense agwire pasipoti yake yekha. Ine sindisonkhanitsa pasipoti ya munthu, sindisonkhanitsanso ndalama ya china chilichonse. Mukadinditsa, bwererani pa mpando wanu ndikuwerengeni." Ndipo ankawerengadi, ndi pepala m'manja, mpando ndi mpando, pa boda iliyonse. Basi imeneyi sinyamula munthu wopanda mapepala. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi owawa, chifukwa ana amene amapita opanda pasipoti si zigawenga, ndi ana athu amene asowa chochita kumudzi, ndipo mmodzi wa iwo ndi mwana wa mchemwali wanga. Koma ndinene zimene ndaona: basi ikanyamula anthu khumi otero, basi yonse imaima paliponse pamene pali chotchinga pamsewu, kondakitala amatsika kukanong'ona, ndipo maola amathera pamenepo. Tikiti yotchipa ija, mbali ina imatchipa chifukwa cha iwowo, ndipo amene amalipira ndi tonse, iwo ndi mantha, ife ndi nthawi. Ulendo uno tinaimitsidwa kangapo, koma palibe pamene tinakhala kupitirira mphindi 15.

Kuchoka pa Zobue msewu umatsetsereka, ndipo kutentha kumakulandirani musanafike ku Moatize, tauni ya malasha. Mitengo ya malambe ili mbali zonse, mbuzi zili pansi pake. Maulendo anga oyamba tinkawoloka Zambezi pa mlatho wakale wa Samora Machel, wolendewera pa zingwe, pakati penipeni pa tauni ya Tete. Tsopano magalimoto akuluakulu amadzera pa mlatho wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014, kunsi pang'ono kwa tauni. Apongozi anga aamuna ankayendetsa thiraki pa msewu womwewu nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, nkhondo isanathe mu 1992, ndipo amasimba kuti ankayenda pa mdipiti woperekezedwa ndi asilikali, wina aliyense mtima uli m'mwamba. Ife timadutsa tikudya nachesi. Komabe msewu umenewu si wathu. Kumapeto kwa 2024, zipolowe zitabuka pambuyo pa chisankho cha mu Okutobala ku Mozambique, ine sindinapite kukaoda katundu wa Khirisimasi, ndipo shopu inakhala ndi mashelefu opanda kanthu mwezi umene timapezera fizi ya Januwale. Dziko lopanda doko limapumira m'mphuno za anansi.

Tsopano nkhani ya madalaivala, imene kwa ine ndiyo yaikulu. Anali awiri, wina wachikulire wa imvi, wina wa zaka za m'ma 30. Kumbuyo kwa mpando wa dalaivala kuli kabedi kotchinga ndi katani. Ine ndinali pa mpando 7, choncho zonse zinkachitika ndikuona. Wachikulire anayendetsa kuchokera ku Blantyre mpaka ku Tete. Atafika pamenepo anatsika, anasamba kumaso, anavula nsapato n'kuziika m'pulasitiki, analowa kuseri kwa katani, ndipo sanatulukenso kupatula pokadinditsa. Sanakhale pa masitepe n'kumacheza ndi kondakitala monga ndaonera kwina, kumene dalaivala wachiwiri amakhalapo dzina lokha, tsiku lonse ali maso, usiku n'kugwira chiwongolero atatopa chimodzimodzi ndi mnzake. Anasinthananso ku Harare cha m'ma 10 koloko usiku, kenako ku Masvingo.

Titaima ku Harare ndinamupeza wachikulireyo akumwa tiyi wa m'fulasiki pafupi ndi tayala la kutsogolo. Ndinati, "Bambo, mwagonako koma?" Anaseka pang'ono n'kuti, "Ndagona, mayi. Musaope. Nanenso adzukulu akundidikira ku Chirimba." Kenako anazungulira basi yonse ndi tochi, akumenya tayala lililonse ndi kachitsulo, mpaka a ngolo, n'kugwedeza cholumikizira ngolo ndi dzanja. Pa msewu wa usiku uja, umene mbali zambiri aukonza m'zaka zapitazi koma ng'ombe ndi abulu sizinasamuke, ndinamuona akuchepetsa liwiro patali ndithu, ine ndisanaone kanthu. Kenako nyali zinaunika abulu atatu ataima pakati pa msewu, osasuntha. Anawazungulira pang'onopang'ono, anthu ambiri m'basi osadziwa n'komwe. Foni yake inalira kawiri usiku umenewo, ndipo kawiri konse anayankha ndi kondakitala. Ine ndinagona. Pa zaka zonse zimene ndayenda msewu umenewu, aka kanali koyamba kugona tulo tenitweni pakati pa Masvingo ndi Beitbridge, mpaka kulota.

Zoipa zilipo, ndipo zina n'zosafunika ndalama kuti azikonze, n'chifukwa chake zimandipweteka.

Choyamba ndi chimbudzi. Pogula tikiti amakuuzani monyadira kuti basi ili ndi chimbudzi. Titangodutsa Tete anachikhoma, ati madzi atha, ndipo sichinatsegulidwenso mpaka ku Joni. Ine ndimamwa mapiritsi a BP, ndipo amodzi mwa iwo ndi okodzetsa. Kumbuyo kwanga kunali gogo wina wopita kukaona mwana wake wodwala ku Pretoria, ndipo ndinamumva akuuza mdzukulu wake kuti asamupatse madzi, akuopa kuvutitsa anthu. Tinali pa kutentha kwa Changara, gogo milomo itauma. Ndinapita kutsogolo kukanena, ndipo dalaivala anaima pamalo oyera bwino popanda kunyinyirika, amayi tinatsika n'kutchingirana ndi zitenje. Ulemu anatipatsa, inde. Koma munthu wamkulu asamachite kupempha chinthu chimene analipira kale. Ngati chimbudzi sichigwira ntchito ulendo wonse, anene poyera pogulitsa tikiti, ndipo aziima maola atatu aliwonse popanda wina kudzuka kukagwada.

Pamenepa ndipatukeko pang'ono, chifukwa amayi a geni timadzipweteka tokha ndi nkhani imeneyi. Ambiri timasiya kumwa madzi tsiku lonse, ena amasiya ndi mankhwala omwe, kuti tisavutike panjira. Namwino wa ku chipatala chimene ndimalandirako mankhwala anandikalipira nditamuuza kuti ndinkachita zimenezi. Anandifotokozera kuti kukhala malo amodzi maola ambiri osatambasula miyendo kungachititse magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo kusamwa madzi kumawonjezera vutolo. Kutupa mapazi onse awiri pang'ono n'kofala, koma mwendo umodzi ukatupa, n'kumapweteka ndi kutentha, kapena mukayamba kubanika mutafika, musadikire, pitani kuchipatala. Kuyambira pamenepo basi ikaima ndimatsika ngakhale ndilibe chokachita, ndimayenda kuzungulira basi kawiri. Ndili pampando ndimavula nsapato n'kumagwedeza mapazi ngati ndikupalasa mashini osokera. Chipisi cha mchere wambiri ndi nyama zootcha za m'njira ndinachepetsa. Kamba wanga amakhala mazira owiritsa, mbatata yophika, mtedza wokazinga wopanda mchere ndi mabotolo awiri a madzi. Za nthawi yomwera mapiritsi pa tsiku la ulendo kafunseni amene amakupatsani mankhwala, osati mnzanu wa pampando.

Chachiwiri ndi kuzizira. Makina oziziritsa mpweya anatithandiza ku Tete, koma usiku wa mu Meyi pa mtunda wa Zimbabwe anawasiya momwemo. Ati akazimitsa, magalasi achita nthunzi ndipo dalaivala ayamba kuwodzera. Chifukwa chachiwiricho ndinachilandira ndi manja awiri, koma akanatiuza tisananyamuke kuti tisaike majuzi ku katundu wa pansi. Mwana wa mayi wina analira mpaka ndinamufunditsa chitenje changa chachiwiri. Tengani bulangete laling'ono, sokosi ndi chipewa m'chikwama cha m'manja. Mafilimu anali okweza mawu mpaka cha m'ma 11 koloko usiku, potchajira foni pa mpando wanga panali pakufa, ndipo chakudya chimene amalonjeza ndi botolo limodzi la chakumwa ndi kapaketi ka mabisiketi. Zimenezi sindizitengera kumtima.

Za ndalama za panjira: mumadutsa maiko anayi, wotchi simusintha ngakhale kamodzi, koma ndalama zimasintha. Ku Mozambique ndi metikali, ku Zimbabwe anabweretsa ndalama yatsopano ya ZiG mu Epulo 2024 koma madola a ku America ndiwo amayenda kwambiri, ndipo marandi amalandiridwa m'malo ambiri oimapo mabasi. Ine ndimasunga marandi ang'onoang'ono ndi achitsulo m'kathumba kapadera olipirira zimbudzi ndi tiyi. Mpamba wa geni umakhala pathupi, ndipo sindiutulutsa pagulu.

Ku Beitbridge tinafika kukucha. Mbali ya Zimbabwe anaimanganso, ndipo kuyambira 2022 mabasi ali ndi malo awoawo, osiyana ndi a mathiraki ndi a magalimoto ang'onoang'ono, zimene zachepetsa chipwirikiti chija tinkachidziwa. Komabe ndi boda yotanganidwa koposa m'chigawo chino cha Africa, ndipo tinatha maola anayi mbali zonse ziwiri za Limpopo, kutsitsa zikwama, kuima pamzere, kukwezanso. Kondakitala anakumbutsa chinthu chimene ndikufuna ndibwereze: Mmalawi amaloledwa kulowa ku South Africa popanda viza mpaka masiku 30, koma masiku anu ndi amene alembedwa pa chidindo. Werengani musanachoke pawindo. Mukapitirira, potuluka amakulembani kuti ndinu wosafunika m'dzikomo, ndipo chiletso chimakhala chaka chimodzi ngati mwapitirira ndi masiku osaposa 30, zaka 5 ngati mwaposa pamenepo. Kwa munthu wa geni kumeneko ndi kutseka shopu.

Kuchoka ku Musina msewu wa N1 ndi wosalala, mumalowa m'mapanga aja oboola phiri musanafike ku Louis Trichardt, kenako Polokwane, Pretoria, ndipo tinalowa mu Johannesburg cha m'ma 6 koloko madzulo, kutada kale. Maola 35, pa mtunda wa makilomita oposa 1,700. Amene analibe wowachingamira anawalola kugona m'basi mkati mwa mpanda wa kampani mpaka m'mawa, pali mlonda pageti. Atsikana awiri amene unali ulendo wawo woyamba anatsala momwemo, ndipo mtima wanga unakhala pansi, chifukwa kuzungulira Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ndi sitima mu Johannesburg, usiku ndi zikwama, usakudziwa kolowera, si zabwino.

Koma basi ya munthu wa geni imadziwika pobwerera. Popita tonse ndife opepuka.

Ndinatha masiku atatu ndikuzungulira m'misika yoodera katundu, ku Dragon City, ku China Mall ya ku Crown Mines ndi ku Oriental Plaza ku Fordsburg. Kuoda kwa masiku ano si kwa 2014. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kupeza marandi kapena madola ku banki ndi nkhondo. Mpamba umene kale unkadzaza theka la ngolo lero ukundipatsa mabelo ochepa. Ndinagula mabulangete 60, makatani ndi nsalu zoyala pang'ono. Katundu akachepa chonchi, chilichonse chotayika kapena chochedwa chimaluma mpaka pafupa, ndipo apa m'pamene masamu a tikiti yotchipa amagwera. Ndalama imene ndinawonjezera pa basi iyi, kupita ndi kubwera, nditaigawa pa mabulangete 60 aja, pa bulangete lililonse sinafike mtengo wa buledi mmodzi. Pamene gawo la mpamba wanga ndi ngongole ya ku banki m'khonde, ndipo gulu lathu limatenga chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi. Katundu akagona panjira milungu itatu, chiwongoladzanja sichigona naye. Ndiye ndani wodula pamenepa?

Tsiku lokweza ndinafika 6 koloko m'mawa. Belo lililonse analimata kapepala ka nambala, nambala yomweyo n'kuilemba pa lisiti yanga, ndipo ndinaima pomwepo mpaka ndinaona mabelo anga onse 5 atalowa m'ngolo ya basi imene ndikwere ineyo. Lamulo lawo ndi lakuti ngolo ikadzaza, mwini katundu amasankha: atsale ndi katundu wake akwere ya tsiku lotsatira popanda kulipiranso, kapena asaine kuti walola katundu abwere pambuyo. Mayi wina anasankha kutsala. Palibe amene anauzidwa zimenezi basi italiza kale injini.

Koma pomwepa m'pamene pali chilema chawo chachikulu. Masutikesi amayeza pa sikelo, mtengo wa pa kilogalamu uli pakhoma. Mabelo ndi zikwama zikuluzikulu za mizeremizere zija amangoyang'ana ndi maso. Mnyamata wokweza amalikankha belo ndi phazi, n'kutchula mtengo. Ine ananditchulira mtengo wina, mayi amene anali pambuyo panga, wa mabelo ofanana ndi anga, ogulidwa shopu imodzi, anamutchulira wotsika chifukwa ndi kasitomala wakale ndipo amadziwa kukalipa. Nditafunsa anati, "Anti, musadandaule, tikuchotserani pang'ono." Ine sindinkafuna kuchotseredwa. Ndinkafuna kudziwa mtengo ndisanagule katundu, kuti ndiwerengere phindu langa ndili m'shopu ya Mtchaina, osati ndili pa geti ndi mabelo amene sindingabwerere nawo. Kampani imene imatha kulemba nambala pa belo lililonse singalephere kupachika sikelo yaikulu. Ndinawauza zimenezi ku ofesi ya ku Blantyre, ndipo ndikubwereza pano.

Pobwerera tayala la ngolo linaphulika titangodutsa Changara. Anali ndi lina, anali ndi jeke yogwira ntchito, ndipo madalaivala onse awiri ndi kondakitala anagwada pa phula lotentha. Panatha mphindi 50. Ndinakumbukira ulendo wina pa basi ina pamene tinagona usiku wonse m'tchire kudikira tayala lochokera ku Tete.

Pa Mwanza katundu yense anatsitsidwa kuti a MRA aone. Apanso kondakitala sanadziike pakati. Sanatolere ndalama kuti "akakambirane" m'malo mwathu, monga amachitira ena, pamene umapereka ndalama osadziwa kuti yafika kuti ndipo umachoka wopanda pepala. Aliyense anaonetsa malisiti a kumene anagula, analipira msonkho wake, n'kulandira lisiti ya dzina lake. Zinatenga maola atatu ndipo anthu opanda katundu anang'ung'udza, koma ine pepala limenelo ndi limene limandigonetsa tulo katundu ali m'shopu. Sungani lisiti iliyonse ya ku Joni, ngakhale yolembedwa pamanja. Ndipo anzanga atsopano musasokonezeke ndi ndondomeko ija ya COMESA, bungwe la malonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, yopeputsira amalonda ang'onoang'ono pa boda: imathandiza pa katundu wopangidwa m'maiko ngati Zambia ndi Zimbabwe, koma South Africa si membala wa COMESA, ndipo mabulangete ambiri amene timaoda ku Joni ndi opangidwa ku China.

Titafika ku Blantyre ndinapeza belo limodzi litang'ambika pakona, mabulangete awiri atadetsedwa ndi girizi. Ndinajambula pomwepo ndi foni, kondakitala ali poonekera, ndipo iye analemba kumbuyo kwa lisiti yanga kuti waona. Ku ofesi ndinapita katatu. Ulendo woyamba bwana kunalibe, wachiwiri anati akufunsa ku Joni, wachitatu, patatha masiku 9, anandibwezera ndalama yokwana bulangete limodzi ndi theka pa mtengo woodera. Sinali yonse, ndipo maulendo atatu a minibasi kuchokera ku Limbe anadyako gawo lake. Komabe pa makampani 6 aja, iyi ndi yoyamba kundibwezera kanthu. Mabulangete awiriwo ndinawachapa ndi sopo wa ufa ndi madzi ofunda, limodzi linayera ndipo ndinaligulitsa motsitsa, linalo akufunda ana.

Kwa amene akupita kukaona abale, ali ndi sutikesi imodzi ndipo thupi lili bwino, mwina kusiyana kwa mtengo kungawawawe kuposa mmene kungawathandizire, ngakhale nkhani ya dalaivala wogona imakhudza aliyense wokhala m'basimo. Kwa mayi wa geni, kwa munthu wachikulire, kwa amene akutumiza mwana wamkazi ulendo woyamba, ine ndikuti lipirani. Ndipo basi iliyonse imene mukufuna kukwera, musafunse za mafilimu kapena za intaneti ya m'basi. Funsani kuti madalaivala ndi angati ndipo wachiwiri amagona pati, mukaone kabediko ndi maso anu. Funsani ngati katundu amayenda pa basi imodzi ndi mwini wake. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya chaka chatha.

Mabulangete 58 aja anatha Julayi asanafike pakati, ngongole ya ku banki m'khonde ndinabweza pa mwezi umodzi. Pasipoti yatsopano ndayamba kale kuyendera. Mu Ogasiti ndikupitanso kukatenga nsapato za sukulu zisanatsegulire mu Seputembala, ndipo ndapempha mpando 7 womwewo. Ulendo uno ndikafika ku Joni ndiyambira ku ofesi yawo, andilembere papepala mtengo wa belo ndisanapite ku Dragon City.